Mabuku Ovala Simenti

Lolemba

Makompyuta atatu afika! Atsopano, a intaneti, ochokera ku bungwe lina la m'tauni. Chimakina chakale cha zilembo zobiriwira, chimene chasunga mndandanda wa mabuku a laibulale yathu ya ku Chilomoni zaka zonsezi, atcheya a komiti achinyamula okha. Pita bwino, wanditopetsa.

Mayi Namathanga a kubungweko akuti ntchito ndi yosavuta. Buku lililonse lili ndi timizere takuda kuseri, ndingotiunika ndi kachipangizo, kalira kuti tii, buku lalowa. Koma pofika Loweruka onse akhale atalowa, apo ayi makompyuta apita ku Bangwe.

Ndikuseka nawo. Atangotuluka ndikuyang'ana mashelefu, thukuta kamukamu. Mabuku onsewa ndinawakuta ndekha ndi mapepala a matumba a simenti, kumata ndi phala la chinangwa. Timizere tili pansi pake.

Lachiwiri

Ndikumatula buku loyamba. Pepala likuchoka, timizere tikuchokera kumodzi. Buku lachiwiri chimodzimodzi. Phala lija ndinkaphika bwino, ndisaname.

Zomwe ndayesa:
mpeni (ndadzicheka)
malovu
nthunzi ya ketulo (atlasi yafufuma ngati mandasi)

Alowa ndi asanu ndi limodzi. Msana ukuwawa.

Lachitatu

Ndaimbira Mayi Namathanga. Akuti ndizingotayipa mayina a mabuku, limodzilimodzi. Ndi zala ziwiri zangazi! Netiweki nayo ikungozungulira.

Ana asukulu a Folomu 4 aunjikana pa makompyuta enawo. Ofufuza buku palibe, akuonera zigoli. Wina akundifunsa "la Bayoloje lija lothimbirira tiyi". Ndikumulozera osadzuka n'komwe, shelefu yachitatu, pansi. Kompyuta sikudziwa za tiyi.

Lachinayi

Nzeru zabwera ndikusamba. Mndandanda wonse uli m'chimakina chakale! Mayi Namathanga akuti ukhoza kusamutsidwa.

Atcheya akuti anachipereka kwa alamu awo ku Machinjiri. Maminibasi awiri, kenako wapansi, dzuwa lili pamutu. Ndachipeza kuseri kwa nyumba. Zam'kati anatenga kale ogula zitsulo. M'bokosimo muli nkhuku, ikufungatira.

Alamuwo akuti, "Mayi, musaidzidzimutse, yangokhazikika dzana."

Andipatsa nzimbe ziwiri. Ndikubwerera nazo ngati ndi zimene ndinapitira.

Lachisanu

Ndapempha amayi a kutchalitchi adzandithandize kumatula pang'onopang'ono, pakona pokha pamene pali timizere. Abwera ambiri, ndi nyimbo zomwe. Ndangotuluka kukagula mabanzi. Pobwera, amatula zonse, mashelefu mbee.

Koma abale! Mabuku ambiri analibe kale zikuto, n'chifukwa chake ndinawakuta. Mayina ndinalemba pamwamba pa simentiyo. Ndikuthamangira panja kukatola mapepalawo, ndikupeza utsi. Awotcha, akuti asiye pamalo paukhondo.

Tsopano mabuku alibe timizere, alibe mayina, ena akuyambira tsamba lachisanu ndi chinayi. Ndawathokoza amayiwo. Ndikanatani? Adya mabanzi, atseka ndi pemphero.

Loweruka

Mayi Namathanga afika m'mawa. Akuyang'ana pa kompyuta, akuyang'ana mashelefu, akuyang'ana zala zanga zomangamanga. Kenako akuti:

"Mwayesetsa mayi. Koma lamulo si langa."

Makompyuta akulowa m'galimoto, limodzi ndi kachipangizo kaja. Pathebulo patsala chingwe chimodzi, sindikudziwa ngati aiwala kapena andimvera chisoni. A Folomu 4 akundiyang'ana ngati ndawabera.

Zandiwawa. Ndalira pang'ono kuseri kwa shelefu ya Mbiri. Kapena ndi ya Malimidwe, sindikudziwanso.

Lamulungu

Kutchalitchi. Nthawi ya zolengeza, atcheya akuimirira ndi pepala limene analemba kumayambiriro kwa sabata. Palibe wawauza, ndipo mulaibulale sanalowemonso chichokere Lolemba.

Akuti tithokoze Mulungu, laibulale yathu tsopano ndi yamakono, buku lililonse likupezeka ndi chala chimodzi. Akuti ndiimirire, anthu andione. Ndikuimirira. Amayi aja akululutira kuposa onse.

Ndikuwomba nawo m'manja, mopepuka, chifukwa cha mabala. Mawa ndikutsegula eyiti koloko. Ndiyamba kuwerenga buku lililonse kuti ndidziwe dzina lake.