Ndisambire Lamlungu Lisanafike

Usiku wathawu ndinalota maloto, anzanga, oti ndikanakhala mwana bwenzi mphasa ili padzuwa pano. Esinala, siya kaye kupukuta tomatoyo umve. Nanunso a Nachuma sendezani benchi kuno, makasitomala adikira.

Mukudziwa kuti Lamlungu likubwerali ndikubatizidwa ku mpingo wa mwana wanga Ndaziona, ndipo kumeneko sawaza timadzi pachipumi, amakumiza wathunthu mumtsinje mpaka duku. Mukuwadziwanso abusa ake, a Mkwapatira. Mnyamata wabwino, wolalika bwino, koma manja ngati misinde. Ine ndine uyu mukundionayu, ndikaimika minibasi kondakitala amayamba wapumira m'mwamba. Kundimiza adzandimiza, pamenepo sindikukayika. Nkhani ndi yakuti adzandivuula ndani. Ine mwana wa kumapiri kuno ku Dedza, madzi omwe ndimawadziwa ndi a m'beseni, ndipo mtsinje wadzaza ndi mvula ikugwayi. Sabata yonse ndakhala ndikugona ndi mantha. Kuthawanso sindingathe, dzina langa analengeza kale kutsogolo, ndipo Ndaziona wauza aliyense mpaka ogulitsa makala kuti amayi ake akubatizidwa.

Ndiye m'malotomo ndili pamsika pompano, dzuwa lili phwee, ndikuyala usipa wanga milumilu. Mwadzidzidzi kausipa kena kouma gwa, kopindika msana, kanadzuka pamwamba pa mulu n'kukhosomola.

"Mayi Nangondo," kanatero, "zaka zonsezi mwakhala mukutigulitsa, koma simunatifunsepo n'kamodzi komwe kuti m'madzi mumakhala bwanji."

"Iwe ndiwe ndiwo," ndinakayankha. "Khala phee ndikuyale."

"Ndiwo inde, koma ndiwo yodziwa kusambira. Nanga inu Lamlungu mudzatani?"

Mulu wonse unaseka, mpaka mitu ina kuthothoka. Manyazi anandigwira, anzanga, kusekedwa ndi katundu wanga yemwe. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti Esinala asandione, kenako ndinagwada pansi n'kukapempha kausipako kuti kandiphunzitse. Iko kanati iwo anapuma pantchito tsiku lomwe anayanikidwa pathandala, ndipite ku boma, ku ofesi yoona zosambira.

Ndiye ndangotembenuka chonchi, ndili kale mu ofesimo. Mpando waukulu, abwana a jekete ndi tayi, akumwa tiyi osandiyang'ana. Ndinawomba m'manja, ndinapereka moni, ndinafotokoza vuto langa lonse kuyambira manja a abusa.

"Mwachedwa, mayi," anatero abwanawo. "Kusambira amaphunzira ana. Inu munali kuti muli mwana?"

"Madzi ndinkawasenza pamutu, bwana. Palibe anandiuza kuti tsiku lina adzandisenza ndi iwo."

Abwana anati ayankhe, koma milomo inayamba kutalika, kutalika, n'kuphwatalala. Jekete inamera nthenga. Mwadzidzidzi pampando paja panali bakha wamkulu, tayi ili m'khosi bwinobwino, akuviika mlomo m'kapu ya tiyi. Ine osadabwa n'komwe, ndinangoona kuti tayi ikumukhala kuposa poyamba.

"Lamulo lathu ndi limodzi," anatero bakhayo. "Munthu saloledwa kulowa m'madzi asanadziwe kusambira."

"Nanga ndiphunzirira pati, bwana?"

"Pouma. Madzi ndi oopsa, mayi, anthu amamira."

Ndiye anandikankha ndi phiko, chitseko n'kutseguka, ndinapezeka pabwalo la mpira, fumbi lokhalokha. Anthu ali ngundangunda, onse akuluakulu, agona chafufumimba m'mizere. Ndinawaona aphunzitsi aakulu aja anapuma ntchito, a Chadzunda, ali mu suti yawo yakuda. Ndinawaona azamba a kwathu, ndi agogo ena opanda dzino ndi limodzi lomwe amene anabwera ndi ndodo yawo n'kuigoneka pambali kuti nayonso iphunzire. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndimayesa ndine ndekha nkhalamba yosadziwa madzi m'dziko muno.

Mphunzitsi wake anali chigubu. Chachikasu chija cha mafuta ophikira, chotupa mbali imodzi, chitavala wenzulo m'khosi. Chinandizungulira kawiri chikugubuduka, n'kundigogoda pamimba.

"Amayi, ine ndimayandama chifukwa m'kati mwanga mulibe kanthu. Inu muli chiyani umu?"

"Mbatata ndi tiyi."

"Osati zimenezo. Ndikumva phokoso."

Chinatsamiritsa chivindikiro chake pamimba panga n'kumvetsera. Chinati mukumveka mkangano wa malire a munda, mukumveka malata odontha, mukumveka apongozi anga amene anamwalira kalekale koma akadali kulankhula. Ndinati zimenezo ndi zanga, sinditaya, ndazisunga movutikira. Chigubu chinati chabwino, tigwira ntchito ndi zomwe zilipo, gonani pansi.

Ndiye ndinagona chafufumimba, chitenje nditachikwinyira m'miyendo. Wenzulo analira. Tonse tinayamba kupalasa fumbi, manja uku, miyendo uku, ngati nkhuku zosamba m'phulusa. A Nachuma musaseke, inu simunayesepo, ndi ntchito yolemetsa kuposa kupalira. Chigubu chikukuwa kuti tulutsani mutu, pumani, bwezani mutu, ife tikumeza fumbi mwaulemu. Mwadzidzidzi a Chadzunda anayamba kufuula kuti akumira. Akumira pouma, anzanga, pakati pa bwalo la mpira, dzanja limodzi lili m'mwamba. Palibe anayerekeza kukawapulumutsa poti tonse tinali tisanakhoze. Anawaponyera ndodo ya agogo aja, ndodo inapita yokha, n'kuwakokera kugolo. Atafika anakonza tayi n'kunena kuti m'masiku awo fumbi silinali lakuya chonchi.

Bakha uja anabwera, anatiyendera mmodzimmodzi, n'kulengeza kuti tonse takhoza bwino kwambiri ndipo palibe wanyowa.

Ndiye ndikuti ndidzuke ndidzisase, bwalo linayamba kuyenda. Fumbi linasanduka matope, matope anasanduka madzi, ndipo ndinapezeka ndikutengedwa pakati pa msewu wa tala womwe unali mtsinje, nditakumbatira chigubu pachifuwa. Kutsogolo wapolisi wa pamsewu, wa chipewa choyera, waima pakati pa madzi, wakweza dzanja.

"Imani pambali, mayi. Mwanyamula mopyola muyezo. Muli anthu angati m'chitenjemo?"

"Ndili ndekha, bwana."

"Sizingatheke. Ena atsike."

Ndinamuuza kuti thupi lonseli ndi langa, ndinalipeza ndi thukuta langa. Akundizungulira kuti aone matayala, miyendo yake inayamba kuonda ndi kutalika, khosi linapindika, mwadzidzidzi anali kakowa, woyera mbee, waima ndi mwendo umodzi. Anandifunsa kuti ndikupita kuti. Nditanena kuti ku ubatizo wa a Mkwapatira, anavula chipewa, anachigwira pachifuwa, n'kunena motsitsa mawu kuti pitani, mayi, munthu wa ulendo wotere sitimuvutitsa.

Pamenepo mantha anandibwerera onse.

Ndiye madzi anandilavulira pa dziwe lija la pansi pa mlatho, ndipo linali Lamlungu. Mpingo wonse uli pamtunda, kwaya yavala zoyera, ikuimba. Ndaziona ali kutsogolo, akumwetulira mpaka m'makutu, akuloza kuti awo ndi amayi anga. Ndinati ndilowe ndi chigubu changa, koma mkulu wa mpingo anandiletsa, amvekere chigubu sichinalowe kalasi ya ubatizo ndipo mbiri yake sakuidziwa, mwina chinasungapo kachasu. Chigubu sichinakane. Chinangokhala pamwala n'kuyang'ana kumbali.

Ndinalowa ndekha. Madzi m'mawondo, madzi m'chiuno, ozizira ngati a m'mwezi wa Juni. Abusa ali pakati akundidikira, ndipo manja aja anali ataonderatu, wotchi imodzi ikanakwana mikono yonse iwiri. Ndinafika pafupi, iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pomwe madzi analekeza, n'kumeza malovu.

"Mayi," ananong'ona, "mwadya m'mawa uno?"

"Pang'ono chabe, abusa."

"Musade nkhawa. Ine nkhani yanuyi ndaitenga mwapadera. Ndakhala ndikusala kudya sabata yonse kuti ndipeze mphamvu."

Anzanga, ndinafuna kulira. Munthu woti akanadya nyemba ndi mbatata sabata yonse, iye wasala. Ndinati abusa, bwanji tidikire mudye kaye kanthu, koma kwaya inali itakweza kale nyimbo. Anaika dzanja limodzi pamsana panga, lina pamphuno panga, anayamba mawu aja, "M'dzina la Atate, ndi la Mwana," ndiye ndinapita chagada. Ndinamva kadzanja kaja kakupindika, kenako tonse awiri chubwi.

Tinamira, tinamira, mpaka pansi. Ndipo pansipo panali msika, anzanga. Mabenchi, malichero, zonse. Anthu ake anali aja amene abusa osiyanasiyana anawamiza n'kulephera kuwavuula, onse onenepa bwino, ovala zoyera, akugulitsa ndere ndi nkhono. Mayi wina anandisendezera mpando.

"Takulandirani, asisi. Inu ndiye mwachita bwino, mwabwera ndi abusa omwe. Ife athu anatisiya n'kupita kukadya."

Ndinakhala pansi. Kunena zoona kunali bwino kumeneko. Kuli zii, mawondo osapweteka, thupi lonseli lopepuka ngati thonje. Palibe wondifunsa kuti ndiwo zili kuti. Ndinaganiza kuti mwina ndingokhala konkuno, ndatopa ine.

Koma kumwamba ndinkamva kwaya. Inali ikubwereza ndime yomweyo, kubwereza, kubwereza, poti nyimbo siitha munthu asanavuuke. Mawu anayamba kusasa, ena anasiya. Kenako ndinamva Ndaziona wasiya kuimba. Anaitana kuti, "Amayi." Sanakuwe ayi. Anaitana ndi mawu aja ankaitanira ali wamng'ono akadzuka n'kupeza ndatuluka m'nyumba. Mtima wanga unapweteka, anzanga, kupweteka kwenikweni, kosakhala kwa m'maloto.

Ndiye ndinayang'ana abusa. Akungoyandama chapafupi, mutu pansi miyendo m'mwamba, nsapato imodzi yavuka, maso ali tong'o ngati mwana wa malungo. Akuyesa kumaliza mawu aja koma mukungotuluka thovu. Ndinawamvera chisoni. Ndi mwana wa munthu ameneyu, amayi ake ali kwinakwake akudikira kuti adzawaone pa Khirisimasi.

Ndinamasula chitenje chapamwamba. Ndinati, "Abusa, mundikhululukire, ulemu tidzaupeza kumtunda." Ndinawagwira mkono, ndinawaponya kumsana, ndinawerama, chitenje n'kukulunga, mfundo pachifuwa, monga ndinaberekera ana anga onse. Anali opepuka kuposa Ndaziona ali ndi zaka zitatu. Mayi wa mpando uja anati, "Asisi, mukudziwa kusambira?" Ndinati sindikudziwa, koma ndili ndi mwana kumsana ndipo wina akundiitana.

Za chigubu zija ndinaiwala zonse, za tulutsani mutu, bwezani mutu. Ndinangoponda madzi ngati ndikuponda dothi la njerwa, manja ndikukankha uku ndi uku monga timachitira podutsa pa depoti tsiku la msika. Madzi anayamba kundipatsa njira. Ndinakwera, ndinakwera, abusa akugunda chipumi pakhosi panga, kuwala kukuyandikira, mpaka mutu wanga unatulukira pamwamba, duku lili pomwepo.

Mpingo wonse unatitong'olera maso. Ndiye kumsana kwanga kunamveka kuyetsemula, kenako timawu tating'ono, tonyowa, "ndi la Mzimu Woyera."

Kwaya inati Ameni ndi mpweya womaliza womwe inali nawo. Ndaziona analowa m'madzi ndi nsapato zomwe, akuseka, akulira, akuwomba m'manja pang'onopang'ono, tho, tho, tho. Ndinati ndimugwire dzanja, koma kuwombako kunkapitirira, tho, tho, tho, ndipo mwadzidzidzi ndinatsegula maso. Kunja kwacha, mvula ikuwaza, malata akudonthera mu ndowa ya pafupi ndi bedi. Ine ndagona chafufumimba, bulangete lili pansi, miyendo ikadali kupalasa.

Ndiye Lamlungu mubwere nonse, anzanga, mudzaime kutsogolo pafupi ndi mwana wanga. Ndikuopabe, sindinama, koma ndilowa. Madzulo ano nditumiza nyemba ndi mbatata kwa abusa, ndipo tsikulo ndidzavala zitenje ziwiri. Chimodzi changa, china chawo.