Wobadwanso wa ku Chawama

Manyazi amene ndinachita ku Chawama mwezi watha sindinawauzeko ngakhale amuna anga. Koma lero ndiulule, museke mukhute.

Ine ndi mnzanga amake Taonga tinali tisanaonane chaka chathunthu, chisamukire ine ku Mtendere. Anandikwiyira chifukwa atabereka mwana wachinayi sindinapite kukamuona. Ndiye tsiku lina ndili mu minibus, foni kulira.

"Mwandi, Mulungu ni wabwino!" anafuula amake Taonga. "Kuno kunyumba kwabadwanso munthu! Ubwele pa Sunday tisangalale!"

Network n'kuduka. Ine mumtima: wachisanu! Ulendo uno sindilakwitsanso.

Ndinagula matewera, kachipewa, tisokosi ndi baby powder. Sunday masana ndinafika, ndikupeza azimayi a kutchalitchi kwawo adzaza pakhomo, akuimba. Amake Taonga anandikumbatira, mkwiyo wonse utatha.

"Nanga iwe waimilila kale?" ndinadabwa. "Siunavutike?"

"Kuvutika? Zaka fifteen, mwandi! Koma pa Friday vinachitika."

Zaka fifteen? Ndinangoti ndi nthabwala za chimwemwe.

"Analila bwino?"

"Maningi! Mpaka kugubuduka pansi, church yonse inamva."

"Ah! Vinachitikila mu church?"

"Pa guwa penipeni! Abusa ndiye anagwila nchito."

Apa mutu unayamba kuzungulira, koma pakamwa panga sipadziwa brake.

"Nanga akuyamwa?"

Azimayi anasiya kuimba.

"Nitanthauza botolo," ndinakonza msangamsanga.

"Botolo asiyilatu! Olo kununkhiza safuna!"

"Wa masiku awili asiya botolo? Muzamupha na njala! Mubweletseni nimunyamuleko!"

Ndinatambasula chitenje pamiyendo, matewera ndaika poyera. Chitseko chinatseguka. Anatuluka ba Phiri, amuna ake, omwe kale ankadziwika m'mabala onse a ku Mandevu. Chimimba kutsogolo, ndevu zaimvi, suti yoyera, Baibulo kukhwapa.

"Ndiye aba obadwanso," anatero amake Taonga, mawu akunjenjemera ndi chiseko. "Born again, mwandi!"

Azimayi anagwerana. Wina anachita kukhala pansi m'fumbi, misozi ili mbwembwembwe. Ine kufuna nthaka ing'ambike.

Ba Phiri anayang'ana chitenje, nayang'ana matewera, kenaka anavula jekete mwaulemu.

"Sister, nabwela. Koma mugwilitse mutu, khosi ikalibe kulimba."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva kuti wina wabadwanso, ndimayamba ndafunsa size ya nsapato.