Kope la Maganizo Okanidwa

M'dziko lina, kuseri kwa phiri lina, muli mudzi umene dzina lake sitilitchula, poti eni ake akali moyo ndipo ena mwa iwo amawerenga nyuzipepala. Mudziwu unatchuka ndi luso limodzi: kufunsa maganizo a anthu pa zinthu zimene zinachitika kale.

Kumeneko ndiye kwawo kwa Ndaziona, mtsikana amene ankaphunzira luso lojambula zizindikiro ndi zikwangwani ku koleji ina ya m'tauni. M'chaka chomaliza, mphunzitsi wake, Mayi Chimphonda, anapereka ntchito yoti aliyense apite kwawo akajambule chikwangwani chothandiza anthu akumeneko. Chikwangwanicho pachokha chinali cha malikisi ochepa. Malikisi ambiri anali pa kope losonyeza njira imene ganizo layenda: zojambula makumi awiri zoyeserera zimene zinakanidwa, masiku ake, ndi umboni woti eni mudzi anafunsidwa.

"Ganizo siligwa kumwamba ngati mvula," ankatero Mayi Chimphonda. "Wobwera wopanda kope abwereza chaka."

Tsoka la Ndaziona linali loti ganizo lake linagwadi kumwamba. Linamupeza ali pa kabaza, panjira ya kwawo, wakabaza ataima kudikira kuti ng'ombe ziwoloke msewu. Anasolola pensulo nkujambula kuseri kwa tikiti ya basi: manja awiri atanyamula dontho la madzi, pansi pake mawu oti "Mjigo ndi wa tonse". Ng'ombe yomaliza isanawoloke, ntchito inali itatha. Analiyang'ana dontholo mtima nkuti myaa! Masabata asanu otsatira anathera kulipaka utoto pa kompyuta, kulitumizira anzake pa foni, ndi kuyenda monyang'wa. Pamene amadzidzimuka nkuti kutatsala masiku anayi, kope lili mbee, lopanda ngakhale kadontho ka inki.

Anathamangira kwa malume ake, a Gwedeza, Wapampando wa Komiti ya Mjigo, amenenso anali Wachiwiri kwa Wapampando wa Komiti Yoyang'anira Komiti ya Mjigo. Anali bambo wonenepa bwino, wa chipewa chosomekedwa nthenga ya nkhanga, chimene anthu ankati savula ngakhale posamba.

"Amalume, ndatha ine! Akufuna umboni woti ndinavutika kuganiza, chonsecho sindinavutike."

A Gwedeza anaseka mpaka kutsamwa. "Ndiye mpaka misozi, mphwanga? Taona mjigo uwo." Analoza mjigo umene unali pakhomo pawo penipeni, mapazi khumi kuchokera pakhonde. "Tinaukumba mu Juni. Misonkhano yosankha malo tinachita mu Ogasiti. Anthu onse anagwirizana kuti ukumbidwe pamene unali kale. Maminitsi alipo, ndi zidindo za zala zomwe. Iwe ukavutikiranji ku koleji kuphunzira zinthu zimene kuno timabadwa nazo?"

M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana pabwalo la mpira. A Gwedeza anafotokoza ndondomeko mwaulemu waukulu. Aliyense ajambule chikwangwani cha mjigo, koma chonyansa. Msonkhano uchikane. Zikakwana makumi awiri, onse aimike manja kuvomereza dontho la Ndaziona, ngati kuti akuliona koyamba.

"Jambulani zoipa," anatero, "koma moikirapo mtima. Mbiri ya mudzi uno ili m'manja mwanu."

Abale, anthu aja anasangalala ngati kuli ukwati. Kuyambira kalekale palibe amene anawapatsapo pensulo nkuwauza kuti achite zimene akufuna. Bambo wina anajambula ndowa imene aliyense anaiyesa ng'oma. Mayi wina anajambula mjigo wa miyendo inayi, nati mjigo woyenda ungathandize. Madoda awiri a ndevu zawo anatsala pang'ono kugwirana pakhosi polimbirana kuti chonyansitsitsa ndi cha yani, ndipo woluzayo anachoka pabwalo akung'ung'udza kuti m'mudzi muno muli tsankho.

Pomwepo panakhazikitsidwa Komiti Yokalambitsa Mapepala. Ntchito yake inali kuwaza tiyi pa chojambula chilichonse, kuchipaka kafumbi, nkuchikhalira kwa kanthawi kuti chioneke cha mwezi watha. Mlembi Wamkulu, a Thunga, ankalemba masiku mobwerera m'mbuyo ndi dzanja lozolowera, mpaka pepala lina linagwera pa 31 Juni. Ndaziona atadandaula kuti tsiku lotero kulibe, komiti inakambirana nkugwirizana kuti chaka chimenecho Juni anatalikirapo.

Mwini ntchito ankangouluka pabwalo ponse, kugawa mapepala, kusongola mapensulo, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Pansi pa chojambula chilichonse ankalembapo chifukwa chochikanira, m'chilankhulo cha ku koleji: "Ganizo silinakhwime." "Diso likusowa poyambira." Mantha obwereza chaka anali atamuthera. Dzuwa lisanafike paliwombo, zokanidwa zinakwana khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Chinatsala chimodzi. Ndipo anatulukira a Nachisale, ndowa ili kumutu. Mayiwa ankakhala kumapeto kwenikweni kwa mudzi, kutsidya kwa dambo, ndipo ulendo wa kumjigo ankauyenda kawiri pa tsiku. Pensulo anaigwira komaliza ali Sitandade 3. Atauzidwa zimene zikuchitika, anatula ndowa, nakhala pansi, nayamba kujambula lilime lili kunja.

Atatha, Ndaziona anakweza pepalalo m'mwamba asanaliyang'ane nkomwe. Panali chule wonenepa, atakhala pamwamba pa mjigo, ataukumbatira ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwake kunali mzere wa amayi osenza ndowa, wautali mpaka kutuluka m'pepala. Kumutu kwa chuleyo kunali chipewa, ndipo pachipewapo panali nthenga ya nkhanga.

Bwalo lonse linatong'ola maso. Kenaka wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo chiseko chinaphulika mpaka agalu anayamba kuuwa.

Akuluakulu anati chule anadabwa m'madzi muli mwake. A Gwedeza anayang'ana pepala, nagwira chipewa chawo, nayang'ananso pepala.

"Chakanidwa!" anakuwa. "Chule savala chipewa. Zakwana makumi awiri. Tsopano ogwirizana ndi dontho la mphwanga, manja m'mwamba!"

Dzanja linakwera limodzi, lawo lomwe. A Thunga anayamba kukweza lawo, koma lili m'njira linakhotera kukakanda m'mutu.

"A Tcheya, pepanitu," anatero a Nachisale mofatsa, "koma mwatifunsa nokha. Manja onyamula dontho amenewa timawaona pa zitseko za galimoto za mabungwe. Amaoneka ngati akupempha. Ife madzi sitipempha ayi, timachita kuwayendera."

"Mayi, kufunsa kwa leroku nkongoyerekeza!"

"Nafenso kuyankha kwathu nkongoyerekeza. Alembi angolemba. Ofuna chule?"

Manja anakwera bwalo lonse, ena awiriawiri. A Thunga, amene pa zaka khumi ndi ziwiri za ulembi wawo anali asanalembepo chinthu pa tsiku limene chachitika, anakakamizika kulemba pomwepo. Anthu anafola kudinda zala, ndipo a Gwedeza, poti mwambo ndi mwambo, anasaina pansi monga Wapampando, asanazindikire chimene akusainira.

Ndaziona chiseko chinamuthera. Dontho lake analikonda, ndipo zinamuwawa kwambiri. Koma zaka zitatu za ku koleji sizinapite pachabe: anamuyang'ana chule uja ndi diso la ntchito, naona kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga wamva uthenga wonse nthawi yomweyo. Dontho lake linali lokongola. Chule anali woona.

"Mphwanga," ananong'ona a Gwedeza, "pepala ilo ling'ambe. Ndine mlongo wa mayi ako ine."

"Amalume, kope likuti anthu asankha chule, ndipo mwasaina ndinu. Ndikapereka dontho, Mayi Chimphonda andibwerezetsa chaka. Simunanene nokha kuti maminitsi sanama?"

Walira mvula walira matope. Masiku atatu otsalawo Ndaziona anagwira ntchito imene anaithawa masabata asanu. Anawoloka dambo kukakhala pakhonde pa a Nachisale, kompyuta ili pamiyendo, kufunsa, kufufuta, kuyambiranso. A Nachisale anakana chule wobiriwira, nati wa pamjigo ndi wotuwa. Anakananso nthenga yoyamba, nati yaonda. Pansi pa chuleyo anabwezerapo mawu aja oti "Mjigo ndi wa tonse", ndipo apa mawuwo analuma.

Koma poti chule anali atapambana, zokanidwa zinabwerera pa khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndaziona anapumira m'mwamba, natulutsa tikiti ya basi ija, naipereka ku Komiti Yokalambitsa Mapepala. Anaiwaza tiyi, naikhalira, naimata patsamba loyamba la kope.

Lero chikwangwani cha chule chaima pambali pa mjigo, mapazi khumi kuchokera pakhonde pa a Gwedeza. Sangachizule, poti maminitsi alipo. Amayenda opanda chipewa masiku ano, ndipo alendo akabwera amawauza kuti ganizo la chule linali lawo kuyambira pachiyambi. Chimene chikuwasowetsa mtendere nchoti anthu aitanitsa msonkhano wosankha malo a mjigo wachiwiri, mjigowo usanakumbidwe, zinthu zimene sizinamvekepo m'mbiri ya mudziwo.

Ndaziona anakhoza kuposa anzake onse. Mayi Chimphonda anakweza kope lake pamaso pa kalasi, nati umu ndi mmene ganizo limakulira, pang'onopang'ono, mogwirizana ndi anthu. Analoza madontho a tiyi monga umboni wa thukuta. Atamubwezera kopelo, Ndaziona anatsegula tsamba loyamba, pamene panali dontho lake lokondedwa. Pambali pake panali mawu a inki yofiira:

"Unachita bwino kulitaya ili. Likuoneka ngati unalijambula uli pa kabaza."