Ulemu Kaye, Mtedza Pambuyo

Lolemba

Ndafika kwathu ku Kabudula. Zikomo Mulungu, minibasi sinafere panjira. Tchuthi ndi cha sabata imodzi, ntchito nayonso ndi imodzi: Lolemba likudzali ndikaima pamaso pa kalasi yonse ku yunivesite, n'kufotokoza m'mphindi zisanu chifukwa chimene mtengo wa mtedza umatsikira nthawi yokolola. Teremu yatha ndinaima, ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndikalepheranso ndibwereza chaka. Zachuma m'mutu zilimo, vuto ndi pakamwapa!

Pulani:
kulemba nkhani mawa
kuyeserera pamaso pa anthu tsiku lililonse
osalira

Bambo, mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, akuti andithandiza. Mwayi wake!

Lachiwiri

Nkhani yalembedwa. Yaifupi, yomveka, ndikuikonda. Omvera ndi Bambo ndi Amayi pakhonde, Amayi akuswa mtedza. Ndikuyamba: "Mtengo wa mtedza..." Bambo akukweza dzanja.

"Kodi m'nyumba ya eni umangolowa osaodira? Ulemu kaye, mwanawe."

Akunena zoona. Ndikuwonjezera pamwamba: ulemu kwa Bambo, ulemu kwa Amayi. Zodabwitsa, ndikayamba choncho lilime likumasuka, mawu akutuluka okha. Anzanga a m'tauni alibe mphunzitsi ngati uyu.

Lachitatu

Mbiri yamveka. Azakhali afika ndi mpando wawo. Amalume nawonso, atavala jekete. Ndikupereka ulemu kwa Bambo ndi Amayi, ndikulowa mu mtedza. Azakhali akuyang'ana nkhuku mpaka ndimalize.

"Ife ndiye zitsa, eti?"

Ndikugwada, ndikupepesa. Bambo akutulutsa cholembera chofiira. Ndime ya mavenda ndi masikelo awo yachoka kuti azakhali ndi amalume akwanemo. Ndimeyo ndinaikonda kwambiri, koma azakhali andibweretsera mbatata yootcha, yotentha. Munthu ungakwiye uli ndi mbatata m'kamwa?

Lachinayi

Mlandu! Atchulidwe poyamba ndani? Amalume akuti, "Mwini mbumba ndine. Ndibwere pambuyo pa mkamwini?" Bambo akhala m'mudzi muno kuyambira ndisanabadwe, amanga nyumba ya malata, aphunzitsa theka la mudzi kuwerenga, koma lero akumbutsidwa kuti anabwera kudzakwatira. Akupukuta magalasi awo. Zikundiwawa ine.

Amayi agamula: tiyambe ndi abusa, pamenepo palibe angatsutse. Koma kutchula munthu palibe si bwino, ndiye abusa aitanidwa.

Ndikuyesa kufotokoza kuti uku n'kuyeserera chabe, ku kalasi anthu onsewa kulibe. Amayi akuti, "Ukazolowera mwano kuno, kumeneko ukausiya bwanji?"

Ndime ya nkhokwe ndi kusunga mbewu yachoka.

Lachisanu

Pakhonde pachepa. Tasamukira pansi pa mango. Abusa abwera ndi mayi busa. Amayi a chigwirizano, pochokera kokaona wodwala, akhala pamphasa onse ndi zoyera zawo. Bambo agwira wotchi.

Ndondomeko yake tsopano:
abusa ndi mayi busa
amalume
akulu a mpingo
amayi a chigwirizano, amtsogoleri awo pa dzina
Bambo, Amayi, azakhali
onse amene sindinawatchule koma mtima ukuwadziwa

Ndikungoti "Tsono mtedza," Bambo akuti, "Nthawi yatha!" Nthungululu! M'manja! Mafunso palibe, poti palibe chimene ndanena. Azakhali akuuza mayi busa kuti, "Sukulu sinamuwononge mwanayu."

Ndapatsidwa nzimbe, mazira ndi nkhuku yamoyo. Ndikufuna kulira, koma sindikudziwa ngati ndi mantha kapena chisangalalo.

Loweruka

Ndathawira kumunda. Lero ndiyeserera ndekha nkhani yeniyeni, pamaso pa mikukwe ya chimanga. Mikukwe siikwiya, ilibe mwini mbumba. Pepala lafiira ponseponse, zanga sizikuwerengekanso. Palibe kanthu, ndinena za m'mutu.

Ndikuima bwinobwino, ndikutsegula pakamwa. Chotuluka: "Ulemu kwa abusa." Kwa mikukwe! Ndikuyesanso. "Ulemu kwa amalume." Lilime latenga njira yake, silikukhotanso. Bambo wina wodutsa pa njinga waima, wavula chipewa, akuti, "Zikomo, mayi, ulemu wafika." Wakwera, wapita.

Mtedza sukubwera. Ndikuuona pansi pano, wouma, woyalidwa, koma m'kamwa mulibe.

Lamulungu

Kutchalitchi, zolengeza zitatha, abusa akuti, "Mwana wathu wa ku yunivesite ali ndi mawu." Osandichenjeza! Tchalitchi chodzaza mpaka m'mawindo. Ndikupita kutsogolo. Ndikutchula onse mwa ndondomeko, osaphonya ndi mmodzi yemwe, mawu akumveka mpaka kumbuyo kwa ana. Ndikukhala pansi. Za mtedza ndi liwu limodzi lomwe ayi. Azakhali akupukuta misozi ndi chitenje.

Basi, zatha. Nkhani ndilibe, ndili ndi moni. Ndiyesa kuilembanso m'minibasi ngati msewu ulola, ndipo ngati ndi kubwereza chaka, ndibwereza. Koma anthu amene anasiya mtedza wawo m'munda pakati pa kukolola kudzamvera ine ndikunena mayina awo, ndingawathokoze ndi chiyani?

Bambo andiperekeza ku Nsaru, chikwama pa njinga, akukankha. Minibasi ikudzaza, akulankhula motsitsa, maso ali pa tayala.

"Ndakuchedwetsa, mwanawe. Kumeneko ungopereka moni kwa aphunzitsi ako, ulowe mu mtedza. Ifeyo usatitchule, nthawi ingakuthere."

Ndavomera. Koma lilime langa ndikulidziwa tsopano. Mawa ndikaimirira, mphindi ikatayika itayike, dzina loyamba kutuluka ndi la Bambo, amalume amve asamve.