Malonda a Kalongonda Patsinde pa Phiri

Lolemba, 4 Ogasiti 1952

Ku esiteti sindibwererakonso. Kuthyola tiyi kwandikwana! Kuyambira lero ndine wamalonda. Pulani:

sabata ino, kalongonda wophika, konkuno ku Nkhulambe;
mwezi wamawa, njinga, Chiringa;
chaka chamawa, chigwa chonse cha Phalombe chizitafuna wanga.

Poyambira ndi dengu la nyemba za kalongonda limene mkazi wanga, amake Esitere, anasungira mbewu. Ndangobwerekako. Sakudziwa. Ndikuphikira kudimba, kuwiritsa ndi kutaya madzi tsiku lonse, poti wosapsa bwino amazunguza mutu.

Lachiwiri

Ndayala malonda pamwala wosalala patsinde pa phiri, pomwe njira imadutsa. Mulu uliwonse pa tsamba lake la nthochi. Chiperoni chagwa, nkhungu yoti suona ndi phazi lako lomwe. Kenaka ndikumva chifuwa chodziwika. Apongozi, akuchokera kunkhuni! Mkamwini sakumana nawo maso ndi maso. Ndadumphira patchire.

Kuli zii. Mbalame yomwe siikulira. Potuluka, masamba okhaokha. Kalongonda yense psiti! Kobiri palibe.

Lachitatu

Amake Esitere akundinong'oneza: "Inu, amayi dzulo anadyetsedwa ndi mizimu ya m'phiri!"

Paja mwambo tonse timaudziwa: ukapeza chakudya choyalidwa kuphiri, umadya mwakachetechete, osafunsa mwini wake, osatengako kunyumba. Wofunsa sabwerako. Ine ndiye ndinauiwala.

Miyulu yonse ija apongozi anadya okha! Akuti mchere unachepa. Ndiwauze bwanji? Sitilankhulana.

Lachinayi

Lero sindisuntha. Ndafunda bulangete lotuwa, ndakhala pambali pa mwala. Anthu akutuluka m'nkhungu mmodzimmodzi, mapazi osamveka. Akugwada, akudya, maso pansi. Moni palibe.

Ndikuti chapansipansi, "Kobiri limodzi." Bambo wina watseka makutu, koma kutafuna sakusiya. Ndaimirira. Onse liwiro!

Ndikanasamukira kumsika, koma wamalonda wanji wothawa pamene pali anthu?

Lachisanu

Njinga mbwee! Za ku Chiringa, zina za kuchigwa. Mbiri yanga yafika kale komwe ndimati ndidzafike chaka chamawa. Malonda akula, phindu lokha ndilo likuchedwa.

Ndakuwa: "Ndine mwamuna wa amake Esitere!"

Mayi wina akuuza mnzake: "Musayankhe. Mizimu imatengera mawu a anthu."

Atapita ndadzitsina pamkono kuti ndione ngati ndikadali munthu. Zapweteka, koma pang'ono. Zimenezi sizikundisangalatsa.

Loweruka

Dengu lapezeka lili pululu, lopanda ndi njere imodzi. Amake Esitere ayang'ana dengu, ayang'ana zala zanga zodetsedwa ndi madzi a kalongonda.

"Mzimu wake ndinu? Nanga mvula ikagwa tidzabzala chiyani?"

Apa mtima wandipweteka zedi. Andikulungira mphasa. Akuti ndikathyole tiyi mpaka mbewu ibwerere m'dengu, ndipo amayi awo asamve, chifukwa chidyereni chakudya cha mizimu msana wawo wapola.

Lamulungu

Ulendo wa ku esiteti, wapansi, m'mimba muli pululu. Anthu onse ali kutchalitchi. Nkhungu yomwe ija.

Pamwala paja pali tsamba la nthochi. Kalongonda, utsi uli tolotolo. Ine sindinaphike. Mbewu inatha. Pamatope palibe phazi la munthu, langa lokha.

Ndatsokomola. Kuphiri china chake chatsokomolanso, mochedwerapo pang'ono.

Sindifunsa. Ndagwada, maso pansi, ndikudya.

Mchere wake ndi wokwanira bwino. Ndi wopikisana naye wotereyu, wopatsa ulere, ine ndikanatha? Tiyi ndi ntchito yabwino ndithu.