Tsiku Limene Ndinalankhulitsa Pampu ya ku Msanzala

Amene akuti Zuze Daka ndi wabodza aimilile ndimuone nkhope, asabisale kumbuyo kwa anzake. Inu aSakala, ndakuonani mukutsinzinila mnzanuyo. Munali kuti chaka chimene ng'ombe zathu kuno ku Msanzala zinali kunyambita mthunzi wa mtengo poyesa madzi? Munali ku Petauke kugulitsa zovala za salaula. Khalani pansi mumve, mzele wa fetelezawu suyenda lelo.

Kuyambila pamene zipani zinachuluka, boma linaleka kutikonzela zitsime, ndipo kunabwela timabungwe, kalikonse ndi galimoto yake yoyela. Kena kanatikumbila chitsime pafupi ndi dibi la ng'ombe, nkuikapo pampu ya sola, thanki pamwamba, ndi kabokosi kachitsulo kokhomela pamzati. M'kabokosimo munali khadi ya foni, ndipo lamulo lake linali lakuti pampu isatulutse ngakhale dontho kabokosiko kasanapeleke moni kwa kompyuta ya eni ake ku Lusaka. Ndizo nzelu za anthu ophunzila: madzi ali pansi pa mapazi athu, chilolezo chowamwela chili ku Lusaka.

Unali mwezi wa Okutobala. Azimayi anali kufukula mchenga mumtsinje mpaka mitu kubisika, ine ndinali nditataya kale ng'ombe ziwili, ndipo yachitatu, Bulaki, imene inandilimila zaka zisanu ndi ziwili, inali itagona pansi maso ali kwa ine. Bungwe lija linatitumizila injiniya, aMwanza, munthu wa nsapato zosongoka ndi laputopu m'khwapa. Masiku atatu anakhala patsinde pa mzati, kulumikiza chingwe, kubaya mabatani, kupukuta thukuta, kanyali ka pabokosi kali psuu ngati diso la chidakwa. Tsiku lachinayi anasansa fumbi pathalauza nkunena kuti, "Bambo, kuno kulibe netiweki. Ndikalemba lipoti kuti pampu isamutsidwile ku Nyalugwe."

Mukumva? Kuuza ine mawu amenewo, ine amene nthawi ya nkhondo ndinadutsa malile kuchokela ku Mozambiki wailesi ili pamutu, mabatile atatha mwezi wathunthu, koma ikulankhulabe chifukwa chondiopa. Ndinawauza kuti netiweki ilipo, kungoti ndi yaulesi ngati iwo: imayenda mumsewu wa tala, ikafika pamphambano yathu nkuona maenje, imapitilila ku Chipata.

Ndinatenga chigubu ndi ukonde wa udzudzu, ndinanyamuka dzuwa lili paliwombo, ndinathamanga liwilo loti mthunzi wanga unatopa nkutsala, ndipo pobwela ndinaupeza utakhala pachitsa kundidikila, ndinakwela phili loyang'ana ku Minga, ndipo pamwamba pakepo ndinaiona netiwekiyo ndi maso angawa ikudutsa m'mwamba ngati dzombe, ndinaponya ukonde, iyo inandikoka kutsika nane phili mpaka zala zanga za kumapazi zinalima mizele imene anthu akumeneko amabzalamo nshawa mpaka lelo, koma ndinaigwetsa, ndinaipondela ndi bondo, ndinaifinyila m'chigubu nkutsekapo ndi chitsononkho. Kulemela kwake musafunse, pakuti inali yodzaza ndi miseche ya anthu a m'tauni. Panjila inadontha pang'ono, nkhanga zinatola, ndipo kapiteni nokha mukamve, nkhanga za kumeneko zimalila kuti, "Ndiimbileniko, ndilibe tokotaimu."

Kanyanga kokokela netiweki kamene anaika pabokosi kanali kafupi ngati chala cha khanda. Ndinakazula, nkumanga masipoko a njinga pansonga ya nsungwi zisanu zolumikiza, kutalika kwake koti khwangwala ankafika pakati nkuyamba wapuma. Ndinakwela, nkutsanulilamo za m'chigubu zija. Potsika ndinapeza kanyali kasiya kufiila, kakuphethila chikasu, ndipo aMwanza kukamwa kuli yasa.

Apo kabokosi kanafunsa zinthu ziwili. Choyamba chinali dzina la khomo lolowela pa intaneti, limene iwo amalitchula kuti epieni pofuna kutiopseza ife osaphunzila. AMwanza anali atalilemba ndi chilembo chimodzi chopotoka, ndiye masiku onse aja kabokosi kanali kugogoda pakhomo la eni ena. Ine sukulu ndinaiona podutsa chabe, koma chilembo chopunduka ndimachizindikila ngati mbuzi yothyoka mwendo pakati pa zinzake. Ndinathyola munga wa mthethe, nkuchiwongola pagalasi la laputopu pomwepo.

Chachiwili chinali manambala anayi achinsinsi otsegulila khadi. Pepala la manambalawo aMwanza anali atakulungila vitumbuwa ku Nyimba nkulitaya pawindo la galimoto. Anali atalotela kale kawili nkulakwitsa, ndipo kulakwitsa kachitatu khadi ikanadzitseka, ina nkudzabwela mvula itagwa, milatho itakokoloka, makola atatsala mphanda zokha. Mudzi wonse unali utazungulila mzati, azimayi ndi ndowa zopanda kanthu. Ndinayang'ana Bulaki, nthiti zikuwelengeka, ntchentche zitayamba kale kumuyendela m'maso. Ndinatambasula dzanja kulinga kukabokosi.

"Musakhudze, bambo," anatelo aMwanza. "Mundichotsetsa ntchito."

"Ntchito yake iti?" ndinawafunsa.

Ndinasolola khadi ija, kanthu kochepa ngati chikhadabo, nkuiika palilime, nkutsinzina. Inu simudziwa kuti nambala iliyonse ili ndi kakomedwe kake, chifukwa lilime lanu linaphunzila miseche yokha. Yoyamba inawawasa ngati bwemba, ziwili zapakati zinali mchele wokhawokha, yomaliza inandiwawa ngati tsabola wakambuzi mpaka misozi. Ndinaipukuta pamalaya, ndinaibwezela m'malo mwake, nkubaya manambala anayi ndi chala ichi, ichi chomwe mukuchionachi.

Kanyali kanasanduka kobiliwila, kuwala kwake koti udzu wouma unanyengeka nkuphuka tsiku lomwelo, moni uja unathamangila ku Lusaka ndi mphamvu yoti kompyuta inagwa patebulo nkuyankha ili chagada pansi, pampu inatsokomola kamodzi nkulavula madzi amene anaboola thanki nkupitilila m'mwamba osaoneka pothela, mpaka m'mawa mwake ndi pamene anakagwa ku Nyimba, ndipo ngati mumadabwa chifukwa chake nthochi za pamsewu paja zimakula ngati mkono wa munthu, mwadziwa lelo. Mukumva? Bulaki anakwawa ndi mawondo, anamwa mpaka chitsime chinapempha kupuma, anadzuka, nkupita yekha kumunda kukalima ekala yathunthu popanda goli, popanda pulawo. AMwanza anandigwila mwendo kuti ndipite nawo ndikaphunzitse anzawo ku Lusaka. Ndinakana. Ndinali ndi nkhokwe yoti ndifolele, ndipo munthu sungasiye ntchito yeniyeni chifukwa cha ana ovala matayi.

Ndikudziwa zimene mkazi wanga amakuuzani mukatuluka m'tchalitchi. Amati khadiyo inali chabe isanalembetsedwe, amati mayi wina wa ku ofesi anakumbukila nkuitsegula masana omwewo, ndipo amati ine sabata yonseyo ndinali gone pansi pa ngolo, nditafunda mabulangete awili, ndikubwebweta ndi malungo. Malungowo ndinali nawodi, sindikana. Ndiye inu anzelunu, khalani pamenepo muganize zimene ndikanachita ndikanakhala kuti ndili bwino.