Osewera a Mawa

M'dziko lina, kuseri kwa phiri lina, munali mudzi umene sunkatchuka ndi fodya kapena mtedza, koma ndi timu ya mpira. Timuyo inali isanatengepo chikho chilichonse, komabe inali ndi komiti yamphamvu kwabasi. Anthu a m'mudzimo ankati chikho chimachita dzimbiri, koma komiti ndi yamuyaya.

Mkulu wa komitiyo anali a Chimtengo. Pa udindo wawo wonse anali Tcheyamani Woyamba, Mphunzitsi Wamkulu, Mlangizi wa Mphunzitsi Wamkulu, komanso Wosunga Pampu. Udindo womalizawu ndi umene unkachititsa kuti asachotsedwe, chifukwa aliyense wotsutsana nawo ankasewera mpira wophwa.

Kumbuyo kwa timuyo kunkatseka akuluakulu awiri, a Zuze ndi a Kamtedza. Pa nthawi yawo anali khoma, ndipo palibe ankakana zimenezo. Vuto linali loti nthawi yawoyo inali itapita kalekale. A Zuze tsopano ankathamanga dzanja lili pamsana. A Kamtedza akadumphira mpira ndi mutu, ankadzuka n'kufunsa kuti golo lathu lili mbali iti. Anyamata a matimu ena, pokhala ana oleredwa bwino, ankawadutsa mwaulemu: "Mwaswera bwanji, madala?" Kenako n'kukamwetsa chigoli.

M'mbali mwa bwalo munali chipika cha bulugamu, ndipo pamenepo ndi pamene pankakhala osewera odikirira. Pakati pawo panali Dzinkambani. Iye anafika pachipikacho ndevu zisanamere, atavala kapusi yofiira yodzitetezera kudzuwa, ndipo tsiku lomwelo a Chimtengo anamusisita paphewa n'kumuuza kuti, "Inu anyamata ndinu osewera a mawa." Dzinkambani anawasunga mawuwo mumtima ngati mbewu.

Tsiku lililonse la mpira ankapita kwa mkuluyo, manja ali kumbuyo.

"Bwana Tcheyamani, kodi lero ndilowa?"

"Lero ndi liti, mwana wanga?"

"Lero ndi lero, bwana."

"Nanga iwe ndiwe wosewera wa liti?"

"Wa mawa."

"Ndiye ukufunsa chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Dzinkambani ankadekha. Anadekha mpaka chipika chinasalala pamalo ake.

Amene sankadekha anali mkazi wake, Nachisale. Pomufunsira, Dzinkambani anamuuza kuti ndi katswiri wa mpira, ndipo mayiyo anavomera poganiza kuti tsiku lina adzaimirira pakati pa anthu n'kululutira mwamuna wake. Chilowereni m'banjamo, anali asanamuonepo akumenya ngakhale chitini.

"Abambo," anatero tsiku lina akuyanika zovala, "ine ndatopa kuchapa kabudula amene amada kumatako kokha. Anzanu amabwera ndi matope m'maondo. Mukapanda kulowa pa mpira ukubwerawu, nsapato zanu zija ndikasinthitsa ndi ndowa, ndipo Loweruka lililonse muzikathirira kudimba."

Mwayi wake, sabata yomweyo timu inagonja moti oimbira mpira anasiya kuwerenga zigoli, n'kuyamba kungopepesa. Ochemerera anayenda m'mudzi monse akuimba nyimbo zotchula maondo a a Zuze. Komiti inaona kuti zafika poipa, choncho inaitanitsa msonkhano wadzidzidzi wokambirana funso limodzi: kodi tigulitse akuluakuluwa kuti achinyamata alowe, kapena tiwasunge?

Msungichuma, a Mlauzi, anali kumbali ya akuluakulu. "Tisapupulume, anthuni. Mawu a akulu akoma akagonera."

"Mawu inde," anayankha mayi wina wogulitsa zitumbuwa pabwalo, amene sanaitanidwe n'komwe, "koma miyendo ikagonera imatupa."

A Chimtengo anamva kuseka kwa anthu, n'kuzindikira msanga kumene mphepo ikulowera. Anaimirira, pampu ili m'khwapa, n'kulengeza kuti iwo chibadwire akhala bwenzi la achinyamata. A Zuze ndi a Kamtedza asinthitsidwa ku timu ya patsidya pa mtsinje, ndipo m'malo mwawo mudzi ulandira ukonde wa pagolo ndi wezulo watsopano.

"Ine? Zaka zonsezi, mukundisinthitsa ndi wezulo?" anafunsa a Zuze.

"Ayi, achimwene, musadzichepetse. Inu ndinu ukonde. Wezulo ndi a Kamtedza."

A Zuze anakhala pansi mtima utatsikako.

"Nthawi ya achinyamata yakwana!" anafuula a Chimtengo. "Magazi atsopano! M'mera mpoyamba!"

Dzinkambani anathamangira kunyumba liwiro limene likanadabwitsa timu iliyonse ikanakhala kuti inaliona. Nachisale anatumiza uthenga kwa amayi ake ndi achemwali ake onse kuti abwere adzaonere mwamuna wake. Nsapato anazipukuta yekha ndi mafuta ophikira.

Tsiku la mpira bwalo linadzaza. Ukonde watsopano unali utamangidwa kale, ndipo anthu ankaugwiragwira n'kumati zinthu zayambadi kusintha. Majezi awiri a otseka kumbuyo anali atayalidwa pa udzu. Dzinkambani anatola imodzi, ndipo kuti ailowetse bwino m'mutu, anavula kapusi yake yofiira ija, koyamba pamaso pa komiti.

Dzuwa linawala padazi. M'mbali mwa dazilo munali imvi zokonzeka bwino.

A Chimtengo anabwerera m'mbuyo. "Aa! Madala, mukufuna chiyani muno? Tangochotsa kumene okalamba."

"Ndine Dzinkambani, bwana. Wosewera wa mawa."

"Dzinkambani?" Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Pepani kwambiri, achikulire. Mawa lanu lija linadutsa."

"Linadutsa liti?"

"Tsiku lina muli pachipikapo. Munayenera kukhala tcheru. Komiti singamadzutse munthu aliyense."

Dzinkambani anayang'ana jezi imene inali m'manja mwake. A Mlauzi anamulanda jeziyo mwaulemu, ndi manja awiri. Pamenepo anthu onse anatembenukira kuchipika, kumene kunali anyamata enieni, a miyendo yowongoka, amene anali atayamba kale kudumphadumpha.

"Khalani pansi, inu!" anakalipa a Chimtengo. "Mukufuna kuthyoka musanakhwime? Inu ndinu osewera a mawa."

"Nanga kumbuyo kutseka ndani, a Tcheyamani?" anafunsa mayi wa zitumbuwa uja. "Okalamba mwagulitsa, ana mwawakhazika pansi."

Komiti inakumana mwachangu pansi pa golo, mitu pamodzi, ndipo inatuluka ndi yankho. Pofuna kuteteza tsogolo la achinyamata, a Chimtengo ndi a Mlauzi anadzipereka kuvala majeziwo okha, mogwirizira chabe, mpaka mawa litafika. Anthu achikulire a m'mudzimo anakumbukira kuti pamene a Zuze ankabadwa, a Chimtengo ndi amene anathamanga kukaitana azamba. Koma poti pampu inali m'khwapa mwawo, palibe anatchula zimenezo.

Nachisale anaimirira. Anadutsa pakati pa bwalo, anagwada pamaso pa mwamuna wake monga mkazi waulemu, n'kumuvula nsapato. Wosinthitsa ndowa ataziona anakondwa kwambiri. Anati nsapato zakale chonchi koma zosapondapo mpira sanazionepo, ndipo anawonjezerapo kabeseni.

Komiti sinamutaye Dzinkambani. Poyamikira kudekha kwake, inamupatsa udindo wa Mlangizi Wamkulu wa Achinyamata ndi Woyang'anira Chipika. Loweruka lililonse, akatha kuthirira kudimba, amabwera atavala patapata n'kukhala pamalo ake osalala aja, kumaonerera a Tcheyamani akupatsidwa moni ndi anyamata a matimu ena. Ukonde uja ukuthandiza zedi. Mpira sukupitanso kutali.

Tsiku lina mnyamata watsopano, ndevu zisanamere, anamukodola ndi chigongono.

"Madala, kodi ifeyo tilowa liti?"

Dzinkambani anamuyang'ana. Kenako anavula kapusi yofiira ija, n'kumuveka mnyamatayo bwinobwino kuti dzuwa lisamuwotche.

"Mawa," anatero.